Ogonja amapita kuti? Blue Lock, Haikyu!! ndi Slam Dunk pa sikelo

Mu mpikisano wa "wagonja watuluka", cikho cimanyamulidwa ndi timu imodzi cabe. Matimu akakhala 32, ndiye kuti 31 amabwerera kwao ali ogonja. Anthu ambiri amene anaseŵerapo mpira, kaya pa bwalo la fumbi ku Chawama kapena m'holo ya sukulu ku Japan, anamaliza ulendo wao ndi kugonja. Nchifukwa cake ine, pofuna kuyeza manga kapena anime ya zamaseŵera, ndimayamba ndi funso ili: mluzu womaliza ukalira, wolemba amacita nao ciyani amene aluza? Ndiyeza nkhani zitatu zimene acinyamata ambiri amagawana pa mafoni masiku ano. Amene simunazimalize, dziŵani kuti ndiulula mathero a ziŵiri mwa izo.

Tiyambe ndi imene ili pakamwa pa aliyense. Blue Lock, yolembedwa ndi Muneyuki Kaneshiro ndi kujambulidwa ndi Yusuke Nomura, inayamba kutuluka mu Weekly Shonen Magazine mu 2018, patangopita masabata ocepa Japan atatuluka mu World Cup ya ku Russia. Pa maseŵera amenewo Japan anatsogola 2-0 koma anagonja 3-2 kwa Belgium. Nkhaniyi inabadwira m'mkwiyo umenewo. Kochi wina wochedwa Jinpachi Ego akuti vuto la Japan ndi kudzicepetsa: oseŵera amadziŵa kupatsirana mpira, koma palibe wodzikonda mokwanira kuti amwetse zigoli. Conco akusonkhanitsa anyamata 300 a ku sekondale, onse oseŵera kutsogolo, n'kuwatsekera m'cinyumba conga ndende kuti apikisane mpaka patsale mmodzi. Wotuluka saloledwanso kuvala jezi ya dziko lake.

Pali cifukwa comveka cimene nkhaniyi imagwirira mtima. Yoichi Isagi, mwini nkhani, tikumuona koyamba ali maso ndi maso ndi goloboyi mu fainolo ya m'cigawo cao. M'malo momenya, akupatsira mnzake, mnzakeyo n'kuphonya, timu n'kutuluka. Kodi anapatsira cifukwa cokonda timu, kapena anaopa kuti akaphonya mlandu ukhala wake? Apa Kaneshiro anakhudza pa cilonda. Ambiri a ife tinaleredwa ndi mau akuti usadzionetse, usapose anzako, ndipo nthawi zina mantha amabisala m'malaya a ulemu. M'kalasi ndimaona ana odziŵa yankho akukhala cete kuopa kunenedwa kuti amadzimva. Kwa mwana wotere, Blue Lock ikunena zimene akuluakulu ananena kale, kuti pagule fumbi ndiwe mwini. Nomura naye ndi katswiri pojambula maganizo. Isagi akamaŵerenga bwalo, thupi lake limasweka kukhala tizidutswa tolumikizana, ndipo Bachira amayenda ndi cilombo cake cimene amaciona yekha. Mphoto ya Kodansha imene analandira mu 2021 inali yowayenera.

Koma onani zimene zimacitikira ogonja. Mayeso oyamba ndi maseŵera othamangitsana ndi mpira m'kacipinda, ndipo wotuluka ndi Ryosuke Kira, mnyamata waluso amene timu yake inagonjetsa ya Isagi. Akukuwa, citseko cikutsekeka, nkhani ikupitiriza ndi otsala. Pambuyo pake Isagi akuyang'ana mdani wake akulira, n'kuzindikira kuti kuphwanya maloto a munthu wina kumamkomera. Wolemba akutionetsa zimenezi monga kukula kwa Isagi. Mu Blue Lock wogonja ndi nkhuni cabe zosonkhezera moto wa wopambana. Ngati mwa anyamata 300 wofunika ndi mmodzi, ndiye kuti nkhaniyi ilibe conena kwa 299, ndipo aŵerengi ake ambiri tili m'gulu la 299 limenelo.

Cina n'cakuti nkhaniyi imadzitsutsa yokha. Ego amalalikira kudzikonda, koma zigoli zambiri za Isagi zimabwera cifukwa wina wampatsira mpira pa nthawi yake, kapena wina wakoka oteteza n'kumsiyira mpata. Zithunzi za Nomura zimaonetsa mgwirizano pamene mau a Ego akuukana.

Nafenso tili ndi umboni wathu pa nkhani imeneyi. Pa 12 February 2012 ku Libreville, Ivory Coast inali ndi Didier Drogba, woseŵera kutsogolo amene Ego akanamgwadira. Drogba anaphonya penate mkati mwa maseŵera, ndipo Chipolopolo inatenga cikho 8-7 pa mapenate. Womaliza kumenya anali Stopila Sunzu, woseŵera kumbuyo. Ndiye mu July 2021, pa Olympics ya ku Japan, Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu polimbana ndi Netherlands, zina zitatu polimbana ndi China. Njala ya zigoli imene Ego amafuna, Banda anali nayo yonse. Koma zotsatira zinali kugonja 10-3 ndi kufanana mphamvu 4-4. Womwetsa zigoli ndi wofunika kwambiri, koma yekha sasenza denga.

Maseŵera aŵiri a Banda aja anacitikira pa Miyagi Stadium, m'cigawo comweco ca Miyagi mmene muli sukulu yopeka ya Karasuno, ya mu Haikyu!! Nkhani ya volleyball imeneyi inalembedwa ndi kujambulidwa ndi Haruichi Furudate, ndipo inatuluka mu Weekly Shonen Jump kuyambira 2012 mpaka 2020, mabuku 45. Pamwamba pake ndi nkhani yozoloŵereka. Shoyo Hinata ndi wamfupi, sakwana masentimita 165, koma amalumpha modabwitsa. Tobio Kageyama ndi setter, wokonzera anzake mpira, waluso koma wankhanza, moti anzake a pa sukulu yake yakale anafika pokana kulumphira mpira wake. Malamulo a volleyball akuthandiza wolemba: munthu mmodzi saloledwa kukhudza mpira kaŵiri motsatizana, ndipo timu ili ndi mpata wokhudza katatu cabe. Kageyama ndi munthu amene Blue Lock ikanamuveka cisoti, koma pano luso lake lilibe nchito mpaka ataphunzira kuyang'ana amene akumponyera mpira.

Pamene Furudate amaposa anzake ndi pa ogonja. Karasuno itagonjetsa kasukulu kofooka ka Tokonami mu raundi yoyamba, nkhani siithamangira kutsogolo. Ikutsalira ndi Ikejiri, mnzake wakale wa kaputeni Daichi, mnyamata wamba amene zaka zake za volleyball zathera pomwepo. Ikutionetsanso timu ya atsikana ya Karasuno, imene nayo yatuluka tsiku lomwelo, ndi kaputeni wao akudzilimbitsa pamaso pa anzake kenaka n'kulira. Awa si anthu amene adzabweranso kudzabwezera, koma wolemba akuwapatsa masamba ao. Ndipo Karasuno nayo itagonja kwa Aoba Johsai, kochi Ukai akuwatengera kukadya, anyamata n'kumatafuna misozi ili cucucu. Aliyense amene anabwererako pa minibasi ali cete pambuyo pa maseŵera a masukulu aidziŵa njala imeneyo.

Furudate sanaope ngakhale kumana Hinata cikho. Pa mpikisano wa dziko lonse, Karasuno ikugonjetsa Inarizaki ndi Nekoma, koma mu kotafainolo yolimbana ndi Kamomedai thupi la Hinata likutentha, akugwa, ndipo akucotsedwa m'bwalo. Timu ikugonja iye ataonerera pa sikirini. Palibe mdani woipa apa. Thupi ndi limene latopa, cifukwa mnyamatayu sanaphunzire kupuma ndi kudzisamalira. Nkhani ikudumpha zaka, ndipo tikumpeza ku Rio de Janeiro akuphunzira volleyball ya pa mcenga, akugwira ganyu yopereka zakudya pa njinga. Tikuonanso kumene anzake anathera: Daichi ndi wapolisi, Sugawara ndi mphunzitsi wa pulaimale, Osamu Miya amagulitsa mpunga woumba pa shopu yake. Palibe amene akuoneka ngati wolephera. Uku ndi kulemekeza aŵerengi, pakuti ambiri a ife tidzakhala a Sugawara.

Haikyu!! nayo ili ndi zofooka zake. Ndi yokoma mtima mopitirira, moti pafupifupi mdani aliyense amasanduka bwenzi. M'dziko lake ndalama si vuto kwenikweni: holo ilipo, maneti alipo, nsapato zilipo. Mwana wa ku Kanyama amene amabwerekana nsapato ndi mkulu wake adzaona kuti pali mtundu wina wa kugonja umene nkhaniyi siidziŵa, kugonja usanaloŵe n'komwe m'bwalo. Komanso atsikana ake odziŵika kwambiri, Kiyoko ndi Yachi, nchito yao ndi kusunga mabotolo a madzi ndi kulemba zotsatira. M'dziko la Copper Queens, zimenezi ziyenera kutivutitsa maganizo.

Njira imene Furudate anayendamo inalambulidwa ndi Takehiko Inoue. Slam Dunk inatuluka kuyambira 1990 mpaka 1996, mabuku 31. Hanamichi Sakuragi ndi mnyamata wandeu wa tsitsi lofiira amene akuyamba basketball pofuna kukopa mtsikana, Haruko. Mabuku oyamba ali ndi nthabwala ndi zibakera zambiri, ndipo ena amatopa nao. Pirirani. Pang'onopang'ono Inoue akusintha wodzitama uyu kukhala woseŵera, kudzera m'nchito zosasangalatsa: kulanda mipira yodunda pa ring'i, ndi kuponya mpira maulendo 20,000 m'sabata imodzi kuti aphunzire kaponyedwe wamba.

Zonse zikuthera pa maseŵera a Shohoku ndi Sannoh, akatswiri a dziko lonse. Sakuragi wavulala msana koma akukana kutuluka. M'masekondi omaliza Inoue akucotsa mau pafupifupi onse, n'kusiya zithunzi ndi wochi. Kaede Rukawa, woseŵera wodzikonda amene sagwirizana ndi Sakuragi, akupeza kuti njira yatsekeka, n'kumpatsira mpira. Sakuragi akugoletsa ndi kaponyedwe wamba kaja, 79-78. Taonani kusiyana kwake ndi Isagi. Kumeneko kupatsira kunali mantha, kuno ndi cinthu colimba mtima kwambiri cimene Rukawa anacitapo. Conco funso loti umenye kapena upatsire lilibe yankho limodzi, ndipo Ego amalakwa poliyankha kamodzi kokha.

Ndiye pakubwera cimene cinadabwitsa aŵerengi a nthawiyo. Imeneyi inali raundi yaciŵiri cabe. Shohoku, itatha mphamvu, ikugonja moipa pa maseŵera otsatira, ndipo Inoue akunena zimenezi m'mau ocepa, osajambula maseŵerawo. Nkhani ikutha Sakuragi ali kucipatala ca m'mbali mwa nyanja, akulimbitsa msana wake. Wolemba anali ndi manga yogulidwa kwambiri, akanatha kuikoka zaka zina zambiri, koma anaimira pomwepo. Ena amati anatibera. Ine ndimati anadziŵa kuti tsiku lalikulu la woseŵera kaŵirikaŵiri silikhala la fainolo. Anime ya pa TV ya m'ma 1990 sinafike pa maseŵera a Sannoh, conco ŵerengani manga, kapena onerani filimu ya 2022, The First Slam Dunk, imene Inoue anaitsogolera yekha. Filimuyo ikusimba maseŵera omwewo kudzera m'maso a Ryota Miyagi, wamfupi wa timuyo, amene akulimbana ndi imfa ya mkulu wake.

Wina anganene kuti izi ndi zidole cabe, bwanji kuzitenga ngati mayeso a Giredi 12? Mbiri ikuonetsa kuti nkhanizi zimasintha anthu. Captain Tsubasa ya Yoichi Takahashi inayamba mu 1981, Japan alibe ligi ya mpira yolipira oseŵera, pakuti J.League inayamba mu 1993. Ana ambiri a kumeneko anayamba mpira cifukwa ca Tsubasa, ndipo ngakhale Fernando Torres wa ku Spain ananenapo kuti anakula akuionera. Ngati nkhani ingacititse mwana kugula mpira, ingamphunzitsenso mmene angadzionere tsiku limene dzina lake lasoŵa pa mndandanda wa osankhidwa.

Ciweruzo canga ndi ici. Blue Lock ndi yokoma ngati cakumwa ca shuga wambiri: imakupatsa mphamvu mwamsanga, ndipo wamanyazi amene amabisala kumbuyo kwa anzake angapindule nayo. Ionereni, koma muzitsutsana naye Ego pamene akulankhula. Haikyu!! ndi imene ndingapatse aliyense woyamba, cifukwa imaphunzitsa maseŵera ake momveka ndipo siitaya munthu. Slam Dunk ndi imene ili pamwamba pa zonse zitatu, cifukwa ca kujambula kwa masamba omaliza aja ndi kulimba mtima kwa mathero ake. Mukamakangana pa gulu lanu la WhatsApp za amene ali woopsa pakati pa Isagi ndi Rin, onjezaniponso funso lina: nanga Kira anapita kuti? Wolemba amene angayankhe funso limenelo ndi amene adzakhala nanu pa tsiku loipa.