Za Buku Lowerenga Mabanja, ndi Mmene Lionekera ku Lifuwu

M'chaka cha 2020 ofesi ya Boma ya ku Zomba yosunga chiwerengero cha anthu ndi zinthu, imene dzina lake ndi National Statistical Office, inatulutsa buku lofotokoza za moyo wa mabanja a m'Malawi. Buku limeneli lilibe nthano kapena nyimbo. Masamba ake adzaza ndi manambala oikidwa m'mizere ngati mbewu m'munda, ndipo munthu amene wangodziwa kumene kuwerenga angalitsekule ndi kulitseka msanga. Komabe liyenera kuweruzidwa monga buku lina lililonse, pakuti akuluakulu a Boma ndi a mabungwe amayang'ana m'menemo pofuna kudziwa kumene kuli umphawi ndi kumene thandizo liyenera kupita.

Manambalawo anapezeka motere. Kuyambira mwezi wa Epulo 2019 kufikira Epulo 2020, alembi a ofesiyo anayenda m'maboma onse nafunsa mafunso pa makomo 11,434. Sanalowe m'nyumba iliyonse monga achitira pa kalembera wamkulu, ngati wa 2018 uja amene anapeza anthu 17,563,749. Iwo anasankha madera ang'onoang'ono mwa maere, ndipo m'dera lililonse anasankhamo makomo 16. Mayi wophika ndiwo samwa msuzi wonse kuti adziwe ngati mchere wakwana. Amatakasa bwino, nadontheza pang'ono pachikhato, nalawa. Kufufuza kotere, kumene pa Chingerezi akutcha Integrated Household Survey, kunayamba mu 1997, kunachitikanso mu 2004, mu 2010 ndi mu 2016, ndipo kwa mu 2019 kunali kwachisanu.

Pali chinthu chimene eni bukuli anachita mwanzeru ndithu. Pofuna kuyesa umphawi sanadalire funso lakuti, "Kodi mumalandira ndalama zingati?" Mlimi salandira malipiro pakutha pa mwezi, tsono funso lotere likadamusowetsa choyankha. Iwo anafunsa zimene banja linadya pa masiku 7 apitawo, zogula ndi za m'nkhokwe zomwe, anafunsanso za sopo, zovala ndi mankhwala, naika mtengo pa zonsezo. M'buku lachiwiri, lotuluka mu 2021, ananena kuti munthu wosafika pa K165,879 pa chaka, ndiye kuti pafupifupi K454 pa tsiku mwa mitengo ya nthawi imeneyo, anali wosauka. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 51 anali otere. Mu 2004 anali 52. Zaka 15 zinapita koma nambala inangosuntha pang'ono, ndipo buku la Boma lonena zimenezi poyera liyenera ulemu.

Tsono bukuli litengedwe lipite ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, kumpoto kwa Senga Bay. Kumeneko kuli minda ya mpunga yothirira, kuli malo a Boma ofufuzira za mpunga, ndipo kuli madoko a asodzi a usipa ndi utaka. Khomo limodzi limadya kuchokera kumunda ndi kunyanja komwe. Munthu wa kumeneko akafuna dzina la mudzi wake m'bukuli sadzalipeza, chifukwa manambala amalekera pa boma lonse la Salima. Msodzi wa ku Lifuwu wasakanizidwa mumphika umodzi ndi mlimi wa thonje wa kwa Khombedza ndi wogulitsa m'sitolo pa tauni ya Salima. Ichi si cholakwa cha alembi, pakuti makomo 16 sangalankhulire mudzi waukulu. Koma wowerenga adziwe kuti nambala ya Salima si nambala ya kunyanja.

Chovuta chachikulu chili pa funso la ntchito. Mlembi amafunsa maola amene munthu anagwira ntchito pa masiku 7 apitawo, ndipo pa makomo ambiri amafika kamodzi kokha. Akafika mu Julayi mwera utakalipa, mabwato ali pamtunda, adzapeza mnyamata wamphamvu ali khale pansi pa mtengo kusoka ukonde, ndipo maola ake adzachepa. Akafika mwezi uli mumdima nyanja ili bata, mnyamata yemweyo adzakhala atachezera usiku wonse pa chilimira masiku otsatizana. Pa dziko lonse zoterezi zimafafanizana, chifukwa alembi amayenda miyezi yonse 12 ndipo makomo a alimi ndi ochuluka. Koma makomo a asodzi amene maere amawagwera ndi owerengeka, kotero mphepo ya sabata imodzi ikhoza kupotoza chithunzi chawo.

Za malipiro ndiye zovuta koposa. Asodzi okwera bwato la mwini wake, amene kunyanja amawatcha alovi, salembedwa ntchito ya pamwezi. Nsomba zikagulitsidwa amayamba achotsa za mafuta ndi za nyali, mwini ukonde natenga gawo lake, otsalawo nagawana chotsala. Tsiku lina gawolo ndi lalikulu, tsiku lina munthu abwerera ndi ndiwo zokha za m'mbale. Kodi zimenezi mlembi azilembe pa mzere wa malipiro, wa ganyu, kapena wa geni? Ndipo ndani angakumbukire bwino zimene anapata mu Okutobala akamufunsa mu Marichi? Pano eni ntchitoyi ayenera kuyamikiridwa pang'ono, chifukwa kuyambira mu 2010 anaonjeza chikalata cha mafunso a usodzi okha, chimene anachikonza mothandizana ndi bungwe la WorldFish, ndipo chimafunsa nyengo ya nsomba zambiri payokha ndi nyengo ya nsomba zochepa payokha. Chikhalirecho chikalatacho chimapeza msodzi amene ali ndi khomo m'mudzi. Wogona m'kachisakasa pa doko, amene lero ali pano mawa ali ku Nkhotakota kutsata usipa, ndi wovuta kumupeza.

Palinso funso lakuti, anayankha ndani? Mlembi akapeza munthu mmodzi pakhomo, kawirikawiri ameneyo amayankhira anzake onse. Bambo Talip Kilic ndi anzawo a ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse anayerekeza kufufuza kuwiri kumene kunachitika m'Malawi mu 2016. Kwina alembi anatsata njira ya masiku onse yolola wina kuyankhira mnzake, kwina anayesetsa kufunsa munthu wamkulu aliyense payekha. Anapeza kuti njira ya masiku onse inabisa ntchito zambiri zolipidwa ndi za geni, makamaka za amayi. Wodziwa doko sangadabwe nazo. Mayi amene amagula usipa m'bandakucha, nauyanika, nautumiza ku Lilongwe, mwamuna wake akhoza kunena za iye kuti, "Amangokhala pakhomo," osati chifukwa cha bodza, koma chifukwa kwa iye ntchito ndi kukwera bwato. Komatu manambala omwewa, pamene anawerengedwa mosamala, anawongola nkhani ina. Kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti amayi a mu Africa amagwira magawo 60 mpaka 80 pa 100 a ntchito ya kumunda. Ofufuza atawerenga maola olembedwa m'kufufuza kwa mu 2010 anapeza kuti m'Malawi ndi magawo 52.

Mawu akuti banja nawonso ali ndi msampha. Kwa alembi banja ndi anthu okhala pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi, ndipo banja lililonse liyenera kukhala ndi mutu umodzi. Koma pakati pa Achewa ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja, mwamuna wa chikamwini amakhala pa malo a akuchikazi, ndipo za munda ndi za ana mwinimbumba ali ndi mawu, ngakhale iye amadya mphika wina. Mwamuna wa mitala angalembedwe nyumba imodzi yokha, mkazi winayo naoneka ngati wopanda mwamuna. Wina ali ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, kumene usodzi umatsekulidwa mu Epulo nutsekedwa mu Disembala ndipo akazi saloledwa kupitako. Wina ali ku Joni zaka zitatu koma ndiye anafolera nyumba ndi malata. Choncho munthu akawerenga za mabanja otsogozedwa ndi amayi asafulumire kuganiza kuti onsewo ndi amasiye kapena osiyidwa ukwati.

Za kusintha kwa mabanja zimaoneka bwino pamene alembi abwerera kwa anthu omwewo. Mu 2013 anatsatira makomo oposa 3,000 amene anawafunsa mu 2010, nalondola ngakhale ana amene anakwatiwa kapena kusamuka, ndipo makomowo anapezeka atafika 4,000. Kufufuza kwina, kwa za umoyo, kunaonetsa kuti mu 1992 amayi 10 ankabereka ana pafupifupi 67 pa moyo wawo, koma pofika 2015 ndi 2016 anali 44. Nambala yotere ndi yokhulupirika kuposa ya ndalama, pakuti mayi saiwala ana ake monga msodzi aiwalira mtengo wa usipa wa chaka chatha.

Woyankha naye ali ndi maganizo ake. Makolo akale ankaopa munthu wobwera ndi pensulo chifukwa pambuyo pake pankabwera msonkho. Adzukulu awo akaona mlembi amaganiza za makuponi a feteleza kapena za Mtukula Pakhomo, ndipo mbuzi zisanu zikhoza kusanduka ziwiri. Alembi amafotokoza kuti dzina la munthu silidzaululidwa ndiponso kuti mayankho sabweretsa mphatso, koma bukuli lilibe njira yoonetsera amene anakhulupirira mawuwo ndi amene sanakhulupirire.

Cholakwa chosavuta kukonza ndi cha chinenero. Mu 1938 ndi 1939 Dotolo B. S. Platt ndi anzake anakhala m'midzi itatu ya m'boma loyandikana nalo la Nkhotakota, umodzi wa m'mbali mwa nyanja, nayesa chakudya ndi ntchito za anthu miyezi yambiri. Zimene anapeza sizinasindikizidwe kufikira 1992, ambiri mwa oyankha atamwalira kale. Buku la mu 2020 linatuluka chaka chomwecho chimene alembi anamaliza ulendo wawo, ndipo pamenepa zinthu zinasintha ndithu. Koma linatuluka m'Chingerezi, chodzaza ndi mawu a anthu a masamu. Mayi amene anasiya mpunga pamphasa, nakhala maola angapo kuwerengera mlendo mchere ndi mafuta amene anagula sabata imeneyo, sangathe kuona chimene chinatuluka m'mayankho ake. Masamba anayi a m'Chichewa ndi m'Chiyao onena za boma la Salima lokha, okhala ndi mwezi umene alembi anafika ndi chiwerengero cha makomo a asodzi amene anafunsidwa, akadakwana kupachikidwa pa sukulu, pa chipatala ndi pa bwalo la Amfumu ku Lifuwu.