Malamulo 10 a Gilliland ndi kalata yosayankhidwa

M'chaka cha 1993, Stephen Gilliland, wofufuza wa pa yunivesite ina ku America, analemba nkhani m'magazini ya Academy of Management Review yofotokoza mmene ofunsira ntchito amaonera ngati awachitira chilungamo. Anatchula malamulo 10. Ena mwa iwo ndi awa: mayeso agwirizane ndi ntchitoyo, onse ayesedwe mofanana, munthu apatsidwe mpata woonetsa luso lake, auzidwe zotsatira msanga, asanamizidwe, ndiponso asafunsidwe mafunso osayenera.

Mfundo yake yaikulu ndikuivomereza: kulephera kumawawa, koma chimene munthu saiwala ndi mmene anamulepheretsera. Ine ndinakongolapo ndalama ya basi kwa achemwali anga n'kupita ku intavyu ku Lilongwe, mafotokope a masatifiketi ali mu envulopu. Funso loyamba linali lakuti, "Kwanu n'kuti?" Lachiwiri, "Munakwatiwa?" Za ntchito anandifunsa kamodzi kokha. Yankho silinabwere mpaka lero. Ndinamva kwa mnzanga kuti malowo anali kale ndi mwini wake, ife anangotiitana kuti mwambo ukwanire. Ngongole ija ndinabweza miyezi itatu.

Pamene ndikusiyana naye ndi pa chifukwa chimene amapereka. Iye akuti olemba ntchito asamale chifukwa munthu wokhumudwa angakane ntchitoyo, angaletse anzake kufunsira, mwinanso angakasume. Zimenezi zimatheka kumene wofunsira ali ndi kwina kopita. Mu June 2020, Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu ku intavyu yongofikira, khamu linakanganirana pa sekondale ya Katoto ku Mzuzu, ambiri n'kuvulala. Kodi mwa anthu amenewo ndani akanakana ntchito poti sanamulandire mwaulemu? Kumene ntchito n'zosowa, bwana wochita zokondera sataya kalikonse. Mawa makalata adzadzazanso katoni.

Choncho malamulo a Gilliland ndi abwino, koma kwathu kuno alibe mano. Sitingadikire kuti mantha otaya antchito aluso ndiwo awongole mabwana. Chilungamo chiyenera kukhala lamulo lolembedwa: mafunso ofanana kwa onse, malikisi osungidwa oti wodandaula akhoza kuwaona, ndi tsiku lodziwika loperekera yankho.

Zotsatsa ntchito zambiri zimathera ndi mawu akuti okhawo osankhidwa ndiwo adzadziwitsidwe. Kwa mazana amene alemba makalata, mwina foni sizingakwanire. Koma amene mwamuitana, n'kukwera basi ya ngongole, mutumizireniko uthenga umodzi wa pafoni woti sanapambane, kuti asiye kudikira.