Mphotho za Dorian ndi Funso la Chilankhulo pa Kuunika Mafilimu

M'pepala lino tifuna kuunika mphotho za Dorian, zimene zimaperekedwa chaka ndi chaka ku United States kwa opanga mafilimu ndi maseŵero a pa wailesi ya kanema. Eni ake a mphothozi ndi bungwe la GALECA, la olemba ndi ounika mafilimu amene amadzitchula poyera kuti ndi a gulu la LGBTQ. Mfundo yathu ndi yakuti bungweli lachita bwino poulula kuti ounika ake ndani, koma pa nkhani ya chilankhulo chimene amaunikira silinapite patali.

Bungweli linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo mphotho zoyamba zinaperekedwa mu 2010, pamene filimu ya Tom Ford yotchedwa A Single Man inasankhidwa kukhala yopambana. Dzina lakuti Dorian linatengedwa m'buku la Oscar Wilde, The Picture of Dorian Gray. Wilde anamangidwa mu 1895 nakhala m'ndende zaka ziŵiri chifukwa chogonana ndi amuna anzake. Mphothozi nzosiyana ndi ya Teddy ya ku Berlin, imene inayamba mu 1987, ndi ya Queer Palm ya ku Cannes, ya mu 2010. Ziŵirizi zimayang'ana nkhani ya m'filimu, pamene za Dorian zimayang'ana filimu iliyonse ndi maso a gulu limodzi la anthu. N'chifukwa chake Argo, 12 Years a Slave ndi Boyhood anapambana monga momwe anapambanira Carol ndi Moonlight. Apa mpoyamikira. Wounika aliyense ali ndi pamene waima, ndipo amene wanena poyera pamene waima sanyenga oŵerenga ake.

Vuto likuyambira pa maina a magawo a mphothozi. Gawo lina linkatchedwa Campy Flick of the Year. Liwu lakuti camp, limene Susan Sontag analilongosola m'nkhani yake yotchuka ya mu 1964, limanena za kukonda chinthu chokokomeza dala, chonyezimira mopitirira muyeso, chimene munthu amachiseka uku akuchikonda. M'Chicheŵa tili ndi mawu monga kukokomeza, kudzithyolathyola ndi nthabwala, koma lililonse likungogwirako mbali imodzi. Choncho muyeso umene woonera wa ku New York akuuona ngati wa aliyense, kwenikweni ndi wa chilankhulo chimodzi ndi mbiri ya anthu ake.

Gawo lina, limene kale linkatchedwa la mafilimu a zilankhulo zachilendo, tsopano limatchedwa la mafilimu osakhala a m'Chingerezi. Dzina latsopanoli ndi laulemu, ndipo tivomereze kuti mu 2020 ounikaŵa anapereka mphotho yawo yaikulu kwa Parasite, filimu ya Bong Joon Ho ya m'Chikoreya. Komabe gawolo likudziŵikabe ndi chimene mafilimuwo alibe. Chikoreya, Chifalansa ndi Chixhosa zaikidwa m'dengu limodzi pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti si Chingerezi. Kuipa kwa kagaŵidwe kotere kunaonekera pa mphotho za Oscar mu 2019, pamene filimu ya ku Nigeria ya Genevieve Nnaji, Lionheart, inachotsedwa pa mpikisano wa mafilimu a maiko ena chifukwa chakuti zokambirana zake zambiri zinali m'Chingerezi, chimene ndi chilankhulo cha boma m'dzikolo.

Chitsanzo cha m'chigawo chathu chino ndi Inxeba, filimu ya John Trengove ya mu 2017, imene kunja imadziŵika kuti The Wound. Imasimba za Xolani, amene akusamalira mnyamata wa ku Johannesburg, Kwanda, pa mwambo wa mdulidwe wa Axhosa wotchedwa ulwaluko, uku akubisa chikondi chake ndi mwamuna mnzake, Vija. Mphamvu ya filimuyi ili m'mawu monga ikhankatha ndi umkhwetha, amene Mcheŵa angawamve msanga powafanizira ndi phungu ndi namwali. Mawu otere amanyamula udindo, ulemu ndi lamulo la chinsinsi. Akamasuliridwa m'mizere iŵiri yolembedwa m'munsi mwa chithunzi, katundu yenseyo amatsala m'njira. Mkangano umene unabuka ku South Africa unakhudza kwambiri za kuulula zinsinsi za kusimba, kufikira pamene filimuyi inaikidwa m'gulu la X18 mu February 2018, chigamulo chimene khoti lalikulu la ku Pretoria linachifafaniza mu June chaka chomwecho. Wounika wosamva Chixhosa amaona nkhani ya chikondi chobisika, koma kulemera kwa zimene zatchulidwa ndi zimene zasiyidwa kumamudutsa. Mbali yaikulu ya zimene akuweruza ndi ntchito ya womasulira, amene alibe gawo pa mphothozi.

Koma tisaloze chala kunja kokha. Amene angafune kuunika filimu yotere m'Chicheŵa apeza liwu lakuti mathanyula, limene limatchula mchitidwe osati munthu, ndipo lili ndi chitonzo. Akalipeŵa, amatsala ndi chiganizo chathunthu chonena za amuna kapena akazi okondana okhaokha. Munthu angathe kugwirizana ndi filimu kapena kuikana, koma sangaiweruze mwachilungamo ngati mawu ake aweruza kale iye asanayambe.

Tingathe kunena tsono kuti bungwe la GALECA likadachita bwino kutchula chilankhulo cha filimu iliyonse ndi womasulira wake, ndi kuitana ounika amene amamva zilankhulozo. Ife a zilankhulo za mu Africa ntchito yathu ndi kulemba ndi kusanthula mawu amene anthu athu amagwiritsa ntchito pa nkhanizi, aulemu ndi achipongwe omwe, kuti wounika wa kuno akhale ndi posankha.