Mawu Oyankhira Kalata Yoitanira Kumsonkhano Pakompyuta

Kale m'boma la Chiradzulu kalata yoitanira anthu kumsonkhano inkayenda ndi mesenjala panjinga, kuchokera paboma kupita kwa Mfumu Kadewere, kwa Likoswe kapena ku Nguludi, ndipo mesenjalayo ankabwerako ndi yankho lapakamwa. Masiku ano maofesi amene ali ndi intaneti amatumiza kalata yotere pa imelo kudzera m'mapulogalamu monga Outlook ndi Google Calendar, ndipo woitanidwa amayankha podina batani limodzi. Mabataniwa ali m'Chingerezi, choncho aphunzitsi ndi olemba mabuku akamawafotokoza m'Chicheŵa, aliyense amamasulira m'mene waganizira. Matanthauziro ena amene akumveka ngosokeretsa.

Tsono pofuna kuweruza bwino mawuwa, nkofunika kudziwa kaye chimene makina amachita. Kalata yoitanirayo imanyamula tsiku, nthawi, malo ndi mayina a oitanidwa, motsata dongosolo lotchedwa iCalendar lomwe lidakhazikitsidwa mu 1998 ndi kukonzedwanso mu 2009. Woitanidwa akadina batani, kompyuta yake imabweza uthenga waufupi kwa woitana, ndipo kompyuta ya woitanayo imalemba yankholo pambali pa dzina lake. Makinawo samva kamvekedwe ka mawu ndipo saona nkhope. Amangowerenga kuti obwera ndi angati, osabwera ndi angati.

Batani loyamba, lolembedwa kuti Accept, ena amalimasulira kuti "Ndalandira". M'Chicheŵa munthu amalandira kalata ngakhale alibe maganizo opita kumene waitanidwako, monganso "ndamva" sikulonjeza kanthu. Koma wodina batanili amawerengedwa kuti adzakhalapo, ndipo nthawi imeneyo imatsekedwa pakalendala yake. Mlembi wokonza msonkhano wa aphunzitsi aakulu ku Namitambo akaona mayina makumi atatu avomera, amakonza mipando ndi chakudya cha anthu makumi atatu, pamene ena mwa iwo ankangodziwitsa kuti kalata yafika. Mawu oyenera apa ndi akuti "Ndidzabwera".

Batani lachiwiri, Decline, likamasuliridwa kuti "Ndakana", tanthauzo limakhala lolondola koma ulemu umasowa. Mphunzitsi sangauze bwana wake kuti "ndakana", ndipo nyakwawa singayankhe gogo chalo motero. Wopatsidwa mawu aukali chotere amasankha kungokhala chete, woitana nkutsala osadziwa kanthu. Chikhalirecho misonkhano ya m'Chicheŵa ili nawo kale mawu ake, pakuti mlembi akamawerenga za msonkhano wapita amatchula amene adalipo ndi amene adapepesa. Nkoyenera tsono kulemba kuti "Pepani, sindidzabwera". Dongosolo la iCalendar limazindikiranso yankho la munthu wotumiza wina m'malo mwake, ndipo apa mawu akuti "Ndatuma nthumwi" akukwanira.

Batani lachitatu ndilo lovutitsitsa. Outlook imati Tentative, pamene Google Calendar imati Maybe. Kumasulira kuti "Mwina" kapena "Ndiona" nkosavuta, koma aliyense wodziwa chiyankhulochi amadziwa kuti "ndiona" nthawi zambiri ndi kukana kwaulemu. Cholinga cha batanili nchina: munthu akusunga nthawiyo koma akuyembekeza kutsimikiza, kaya za galimoto, kaya za chilolezo cha bwana. Mawu akuti "Ndidzatsimikiza" ali bwino chifukwa amamsiyira woyankhayo ngongole ya yankho lachiwiri.

Palinso tsamba limene woitana amaonerapo mayankho onse, lomwe mu Outlook limatchedwa Tracking. Ena alitcha "kalondolondo". Mawuwa ngachicheŵa ndithu, koma m'makutu mwa anthu amamveka ngati kufufuza kayendetsedwe ka ntchito kapena ka ndalama, ngati kuti woitanidwa akumulonda. Tsambali silidziwa kumene munthu ali, ndipo silisonyeza amene adafikadi pamsonkhano. Limangosunga zimene anthu ayankha. Dzina loti "kaundula wa mayankho" likunena zoona zake.

M'kaundulamu, amene yankho lake silidafike amalembedwa kuti None. Apa mawu ayenera kukhala "Yankho silinafike", osati "Sadzabwera" kapenanso "Wanyalanyaza". Zifukwa zake nzomveka. Outlook imalola munthu kuvomera popanda kutumiza yankho, ndipo ngati woitana ali m'bungwe lina, saona chilichonse ngakhale msonkhanowo uli pakalendala ya mnzakeyo. Komanso woitana akasintha nthawi ya msonkhano, mayankho akale amafufutika ndipo onse amafunsidwanso. Kuonjezera apo, mlangizi wa ku Mbulumbuzi amene bandulo yamuthera sadanyoze aliyense. Mawu olakwika pamzere umenewu angachititse kuti wantchito adzudzulidwe popanda mlandu.

Phunziro lili apa nlakuti mawu a pabatani amasuliridwe potsata ntchito imene batanilo limagwira ndiponso m'mene eni chiyankhulo amayankhulirana, osati potsata dikishonale yokha. Nchifukwa chake mawu onse amene aperekedwa pa mabataniwa ali m'kayankhulidwe ka munthu wodzinenera yekha, pakuti kudina batani ndi kulonjeza. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidasiyira ntchito yokonza mawu atsopano likulu la Centre for Language Studies ku Zomba, lomwe lidayamba mu 1996 ndipo lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Podikira kuti mawu a makalendala apakompyuta akhazikitsidwe, akonzi ndi aphunzitsi angayambe kugwiritsa ntchito amene aperekedwa pano, ndi kuwayesa pa anthu amene amaitana ndi kuitanidwa kumisonkhano tsiku ndi tsiku.