Kuyesa Pulani ya Mzinda wa Lilongwe

Munthu wofuna kumanga nyumba amayamba walemba pansi pamene padzakhala khomo, zipinda ndi khonde. Mzinda umateronso. Akatswiri amajambula pa pepala pamene padzapita miseu ndi pamene padzakhala maofesi, misika ndi nyumba za anthu. Pepala lotere dzina lace ndi pulani. M'nkhani ino tifuna kuyesa pulani ya Lilongwe, tione pamene inakhoza ndi pamene inaphonya.

Pulaniyi inajambulidwa m'caka ca 1968 ndi akatswiri a ku South Africa, Boma litatsimikiza zocotsa likulu ku Zomba. Likulu linafika ku Lilongwe mu 1975. Akatswiriwo anagawa mzinda m'zigawo, ndipo cigawo ciri conse anacipatsa nambala ndi nchito yace. Kanengo anapatsidwa mafakitale, Capital Hill maofesi a Boma. Zigawo za nyumba anazisiyanitsanso: kwina nyumba zowerengeka pa malo akuru, kwina nyumba zambiri pa malo ang'ono.

Tiyambe ndi zoyamika. Olemba pulani anakumbukira kuti si onse angagule nyumba yomanga kale. Cifukwa cace anapatula zigawo zina kumene munthu ankalandira puloti, namanga yekha monga mwa mphamvu zace, ngakhale ndi zidina. Miseu inali italambulidwa, ndipo madzi ankagula pa mpopi wa onse. Imeneyi inali nzeru, pakuti nyumba yomanga wekha imakula pamodzi ndi thumba lako.

Koma cilema ca pulaniyi ciri pa kagawidwe ka nthaka. Malo okoma a pafupi ndi maofesi, monga Area 10 ndi Area 43, anaperekedwa kwa anthu owerengeka. Kumeneko nyumba imodzi imakhala pa bwalo pamene pakadakwana mabanja angapo. Pamenepo mapuloti ambiri a anthu wamba anakadulidwa ku Area 25, makilomita oposa 10 kucokera ku msika waukuru wa m'tauni yakale. Pakati pa zigawo anasiya mipata yaikuru ya mitengo ndi udzu. Mzinda wotere umakondweretsa wa galimoto, koma woyenda pansi umamutopetsa. Puloti yochipa ikhala yopanda phindu ngati ndalama yopulumutsidwayo ithera pa basi tsiku ndi tsiku.

Colakwa caciwiri ndi kucepa kwa mapuloti. Mu 1966 anthu a m'Lilongwe sanakwane 20,000. Pofika 1977 anayandikira 100,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Akuru anati, walira mvula walira matope. Woitana maofesi ndi mafakitale waitananso alonda, ophika, amisiri ndi ogulitsa ndiwo, ndipo onsewa afuna pogona. Atasowa malo m'pulani, anapita kwa mafumu kukapempha kapena kugula nthaka m'mphepete mwa mzinda. Umo ndimo anakulira Mtandire pafupi ndi Area 47, Mgona pafupi ndi Kanengo, ndi Chinsapo.

Taonani kumene anthuwa anasankha kukhala. Anamanga pafupi ndi nchito, ndipo anamanga mothithikana. Sitinena kuti kumeneko kuli bwino, iai. Nyumba zinayamba miseu ndi mipopi zisanafike, motero zimbudzi zayandikana ndi zitsime, ndipo nthawi ya dzinja matenda otsegula m'mimba sacedwa kufala. Komatu mlandu si wa kucuruka kwa nyumba. Mlandu ndi wakuti nyumbazo zinacuruka kumene pulani sinakonzeko kanthu.

Ena adzati mzinda wa mitengo ndi mabwalo akuru ndi wokongola, tisauononge. Kukongolako nkoona, ndipo mitengo tiisunge. Koma mpopi ndi mseu zikatalika, mtengo wace umakwera, ndipo amalipira ndi anthu onse, olemera ndi osauka omwe.

Tsono ciweruzo cathu ndi ici: pulani ya 1968 inamanga bwino likulu la Boma, koma inapatsa anthu anchito malo ocepa ndi akutali. Khonsolo ya mzinda ikamakonza pulani zina, ilole nyumba zambiri, ngakhale zosanja, pa malo a pafupi ndi nchito, ndipo madzi ndi miseu zitsogole nyumba zisanamangidwe. Inu awerengi, pulani ya kwanu ikaikidwa poyera, kaioneni, mufunse kuti, "Mlonda wa ofesiyi adzagona kuti?"