Kuunika Mayeso a Alan Turing

M'chaka cha 1950, Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, adalemba nkhani m'magazini ya Mind yofunsa ngati makina angathe kuganiza. Poona kuti anthu amamva mawu oti kuganiza mosiyanasiyana, iye adasandutsa funsolo kukhala mayeso. Woweruza azilemberana ndi mbali ziwiri zobisika, ina munthu ndipo ina kompyuta. Akalephera kuzindikira kuti munthu ndi uti, makinawo apambana.

Mphamvu ya nkhaniyi yagona pa kukhulupirika kwa mlembi wake. Turing adandandalika mfundo 9 zotsutsana naye n'kuziyankha imodziimodzi. Ina mwa izo idakhudza ntchito yake yomwe. Mu 1936, makompyuta a makono asanapangidwe, iye adatsimikiza mwa masamu kuti palibe njira imodzi imene makina angatsate kuti adziwiretu, pa pulogalamu iliyonse, ngati idzafika pomaliza kapena idzangoyenda mpaka kalekale. Malire amenewa sangachotsedwe ndi liwiro kapena kukula kwa makina. Turing adavomera zimenezi, koma adayankha kuti palibe amene adatsimikizapo kuti nzeru za munthu zilibe malire otero. Yankho limeneli ndi lomveka, pakuti munthunso amaphonya.

Komabe mayesowa ali ndi chilema. Amayesa kufanana ndi munthu, osati kumvetsa. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku America adapanga pulogalamu yotchedwa ELIZA, imene inkangotembenuza mawu a munthu n'kumubwezera ngati funso. Ngakhale zinali choncho, ena adayamba kuiululira zakukhosi kwawo. Apa zidaoneka kuti kupusitsidwa kwa woweruza kumaonetsa kufooka kwa iye mwini, osati nzeru za makina okha.

Mu 1980 John Searle adakhomera msomali pomwepo ndi fanizo la munthu wosadziwa Chitchaina amene watsekeredwa m'chipinda. Munthuyo ali ndi buku la malamulo lomuuza zizindikiro zoti atulutse akalandira zina. Ali kunja akuganiza kuti akudziwa chiyankhulocho, chikhalirecho sakumvapo kanthu. Ndi mmene amachitira wophunzira woloweza: amakhoza funso limene adalizolowera, koma likangotembenuzidwa amasowa pogwira.

Fanizo la Searle nalonso silitseka mlandu. Turing adali atanena kale kuti munthu amadziwa zoti mnzake akuganiza poona zoyankhula ndi zochita zake basi, chifukwa m'mutu mwa wina salowamo. Nanga n'chifukwa chiyani makina ayesedwe ndi muyeso wina? Akatswiri sadagwirizanebe pa mfundo imeneyi.

Chotero Turing adasiya ntchito ziwiri zosafanana kulimba kwake. Ya 1936 ndi yotsimikizika, pomwe ya 1950 idangotsekula mtsutso. Kusiyana kumeneku n'kofunika lero. Kuyambira mu 2022, pamene ChatGPT idatulukira, anthu ambiri aona makina akulemba ziganizo zosalala, nthawi zina zabodza koma zonenedwa molimba mtima. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wophunzira wanzeru asagonje ndi kukoma kwa mawu, kaya achokera kwa makina kaya kwa munthu. Afunse umboni wake, ayese mfundo iliyonse, pakuti udindo woweruza umene Turing adaupereka kwa munthu ukadali m'manja mwa wowerenga.