Kodi Ngwangwazi wa m'Foni Angacotsedwe?

Aliyense amene anakwelapo minibasi pa Kulima Tower amamudziwa ngwangwazi. Alibe basi, sagula petulo, koma pa ulendo uliwonse amadyapo. Masiku ano ngwangwazi wamkulu amakhala m'foni. Uber ilibe madilaiva olembedwa nchito monga a kampani ya mabasi, Airbnb sinamange nyumba zimene alendo amagonamo, koma onse amadulapo gawo lao. Kuno ku Lusaka tinaziona pamene Yango inafika mu 2022.

Buku lochedwa Ours to Hack and to Own, limene Trebor Scholz ndi Nathan Schneider anasonkhanitsa mu 2016, likuyankha vutoli. Mfundo yake ndi yosavuta: anthu amene amagwira nchito akhale eni ake a pulogalamu ya m'foniyo, monga mamembala a kopaletivu. Iwo okha agwirizane za mtengo, asankhe atsogoleri, agawane phindu.

Pamenepa bukuli lanena zoona, ndipo zina zinacitikadi. Mu 2021 madilaiva a ku New York anayambitsa The Drivers Cooperative, imene inali kudulapo 15 peresenti cabe. Ku Italy, Fairbnb inalonjeza kupereka theka la gawo lake ku nchito zotukula dera limene mlendo wagonako. Ife odziwa cilimba sitingadabwe. Mutu umodzi susenza denga.

Koma pamene bukuli lafooka ndi pa ndalama. Alembi ake ambiri ali ndi ciyembekezo coposa masamu. Taonani za mzinda wa Austin ku America. Uber ndi Lyft zitacokako mu 2016, anthu anakhazikitsa RideAustin, bungwe losafuna phindu, ndipo linayenda bwino. Mu 2017 makampani aja anabwerera ndi mitengo yotsika, okwera anathawa, ndipo mu 2020 RideAustin inatsekedwa. Wokwera amene wacedwa ku nchito safunsa kuti mwini pulogalamu ndani. Amafuna motoka yofika msanga. Kampani yolemera ingathe kutaya ndalama zaka zambiri mpaka mnzake atagwa, kopaletivu singathe.

Cina cimene bukuli silinacifufuze mokwanira ndi khalidwe la mamembala eni ake. Ife tili ndi phunziro lathu. Mu 1965 ku Chifubu, Dr Kenneth Kaunda anapempha anthu kupanga makopaletivu. Anapangidwa ambirimbiri, koma oculuka anafa cifukwa anthu anathamangira ngongole za boma, osadziwa kusunga mabuku a ndalama. Foni siingacize matenda amenewa.

Kodi tsono tilisiye bukuli? Iyai. Acinyamata anzanga, liwerengeni, makamaka inu amene mukudyera m'matakisi ndi pa njinga zamoto. Likutsegulani maso kuti mufunse: pa K100 iliyonse imene wokwera walipira, zingati zikufika kunyumba kwanu? Koma musanayambe kopaletivu yanu, pezani msungicuma wokhulupirika ndi okwera amene sadzakuthawani. Walira mvula walira matope.